Kuyala njerwa zootcha pa njira ya pakhomo

Alimi anzanga, mvula ikakhazikika mu Januwale, njira yochokera ku khola kupita ku dimba imasanduka thope lokhalokha. Wilibala ya manyowa imatitimira, ngolo imasiya mikwasa, ndipo madzi amatsata mikwasayo mpaka kukumba chigwembe. Mungathe kuthetsa vutoli ndi njerwa zootcha popanda kugula simenti yambiri.

Yambani ndi zimene muli nazo. Njerwa zotsala pomanga nyumba ndi zidutswa za pa uvuni wakale n'zokwanira kanjira kakafupi. Sindikulimbikitsa kuotcha uvuni watsopano chifukwa cha njira yokha, mitengo yatithera kale.

Koma si njerwa iliyonse ingapirire pansi. Gundanitsani njerwa ziwiri: yopsa bwino imalira ngati chitsulo, yosapsa imamveka ngati mwamenya chigumu. Mukakayika, iviikeni m'madzi usiku wonse. Ikafewa kapena kusungunuka m'mbali, musayale pamwamba.

Ntchito yeniyeni ili pansi pa njerwa, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira. Chotsani dothi lonse lapamwamba pamodzi ndi mizu, mukalithire m'munda. Tsenderani pansipo ndi chipika cholemera mpaka phazi lisasiye chizindikiro. Kenako thirani miyala ing'onoing'ono kapena zidutswa za njerwa, masentimita 10 ngati ndi njira ya miyendo ndi wilibala, 15 kapena kupitirira ngati padzadutsa ngolo kapena galimoto, n'kutsenderanso. Inu a ku dothi la makande onjezerani ndithu, chifukwa dothi limeneli limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndiye limasuntha njerwa. Njirayo ipendekeke pang'ono, masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi atsikire m'ngalande ya m'mbali. Onetsetsani kuti sakulowera ku maziko a nyumba.

Pamwamba pake yalani mchenga wa kumtsinje wokhuthala masentimita 3 mpaka 5, muusalaze ndi thabwa, ndipo musaupondenso.

Njerwa za m'mphepete ziyambe kukhala. Zikwirireni choimika ndipo ngati muli ndi simenti pang'ono, malo ake ndi amenewa. M'mphepete mukamasuka, njira yonse imamwazikana. Zam'katizo yalani motsata chingwe. Podutsa ngolo ziyaleni mopingasa ngati malukidwe a lichero, chifukwa zikatero zimagwirana ndipo tayala silingazikankhe. Pomaliza sesererani mchenga wouma m'mipata yonse, mugogode ndi thabwa, mubwerezenso mchengawo mvula yoyamba ikagwa.

Njerwa ya masentimita 23 m'litali ndi 11 m'lifupi ikagona chafufumimba, pamafunika pafupifupi 40 pa malo a mita imodzi mbali zonse.

Zochita sabata ino: gulu lililonse liyeze njira yochokera pa msewu kufika pa munda wathu wophunzirira, liwerengere njerwa zofunika, ndipo lizike zikhomo pamene madzi amadutsa. Aliyense abwere ndi njerwa ziwiri za kwawo kuti tidzaziyese limodzi.