Ndinawotcha ampulifaya ya amalume ndi manja anga

Amalume anga atapuma ntchito ya uphunzitsi anakhazikika ku Karonga, chakufupi ndi nyanja. Pa ukalamba wawo ankalakalaka chinthu chimodzi: kumvanso mbale zawo za Franco ndi za Daniel Kachamba zikulira ndi mawu onona ngati a pa unyamata wawo. Sankatopa kusimba za wailesi ya bambo awo, ija ankaitcha Saucepan Special, imene inatuluka mu 1949 ndipo inkakoka nyimbo ndi nkhani za m'Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Mkati mwake munali mavalavu, timabotolo tagalasi timene tinkakuza mawu matiranzisita asanafale.

Mwana wawo wa ku America atamva kudandaula kumeneku anawagulira ampulifaya yakale ya mavalavu, Dynaco ST-70, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1959. Inadzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Tikuitsitsa m'galimoto inalemera ngati mwala wa mphero, chifukwa pamwamba pake pali mathiransifoma atatu achitsulo: imodzi yolandira magetsi, ziwiri zopereka mawu ku masipika. Pali mavalavu anayi akuluakulu a EL34, ndipo mbali iliyonse imatulutsa mawati 35.

Ine ndimakonza mafoni, choncho amalume anati, "Mphwanga, za mawaya ndi zako izi. Tiyimbire." Chimodzi chokha ndinachidziwa bwino. Magetsi a ku America ndi mavoliti 120, athu kuno ndi 230, ndiye ndinagula thiransifoma yotsitsa mphamvu tisanayatse. Madzulo amenewo nyumba inadzaza mawu. Amalume anavula magalasi, n'kukhala chete mpaka mbale inatha.

Tikanalekera pomwepo n'kutengera ampulifayayo kwa mmisiri wodziwa mavalavu, bwenzi ikulira mpaka lero. Koma panali kakulira kena kapansipansi, ngati njuchi ili m'chigubu, ndipo ine ndinagamula ndekha kuti mavalavu atopa. Ndinaitanitsa anayi atsopano pa mtengo umene amalume anachita kugulitsira matumba a mpunga wa kilombero. Sindinayeze chilichonse. Ndinazula akale, n'kuzika atsopano ngati ndikusintha mababu.

Ndinali ndisanadziwe kuti m'chipangizo cha zaka zoposa 60 chimene chimayamba kufooka kawirikawiri ndi makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, ndipo kulira kwa njuchi kuja nthawi zambiri kumachokera kwa iwo. Sindinkadziwanso kuti valavu yaikulu imafuna kamphamvu kena koiletsa kuti isamwe magetsi mopitirira, kamene amisiri amati bias. Ukasintha mavalavu uyenera kukachunanso ndi mita. Pa ST-70 opanga anaikiratu poyezera, ndipo mita imayenera kuwerenga mavoliti 1.56 mbali iliyonse. Nambalayo inalembedwa pa chitsulo pomwepo, pamaso panga, koma sindinafunse tanthauzo lake. Safunsa anadya phula.

Tinaonjezanso cholakwa china. Azakhali, poopa fumbi ndi zidzukulu, analowetsa ampulifayayo m'kabati ya magalasi, n'kuyala kansalu koluka pamwamba. Unali mwezi wa October, ndipo amene anakhalako ku Karonga nthawi imeneyo akudziwa kuti ngakhale usiku khoma limakhala lofunda. Ampulifaya ya mavalavu ili ngati mbaula yaing'ono, imafuna mphepo mbali zonse. Komanso thiransifoma yopangidwira magetsi a 60 Hz a ku America imatentha kwambiri pa 50 Hz athu, ngakhale mavoliti utawatsitsa bwino.

Tsiku lachitatu ndinaona valavu imodzi ikusintha. Mwachibadwa mumayaka kawaya kakang'ono kokha pakati, kofiirira ngati nsonga ya ndudu. Koma apa chitsulo chotuwa chozungulira chija chinayamba kufiira, poyamba kadontho, kenako mbali yonse, ngati khasu lili pa ng'anjo. Ndinaitana amalume kuti adzaone kukongola kwake. Chimenecho ndiye chizindikiro choti uzimitse msanga, chifukwa valavu ikumwa magetsi oposa muyezo ndipo ikukoka moto wonsewo kudzera mu thiransifoma ya mawu. Patangopita mphindi zochepa fyuzi inaduka, nyimbo n'kuima.

Fyuziyo inali itatipulumutsa. Ine ndinachita zimene ambirife timachita pa ayironi ndi pa ketulo: ndinatenga kawaya kamkuwa n'kulumikiza pamene panaduka. Nditayatsanso, panamveka kuthetheka, kenako fungo la vanishi wopserera, ndipo kautsi koyera kanatuluka pansi pa thiransifoma ya kumanzere.

Ndinazula pulagi pakhoma, n'kutembenuza ampulifayayo, n'kutsegula pansi ndi mtima woti ndione chapsa n'chiyani. Poti ndazula, ndinkayesa mulibe moto. Chala changa chitakhudza mwendo wa kapasita yaikulu, mkono wonse unagwedezeka mpaka paphewa, sikuludiraiva n'kuulukira kukhoma, ine n'kugwera pa mpando. M'mafoni ndimagwira mavoliti anayi kapena asanu. M'menemo mumadutsa oposa 400, ndipo makapasita amatha kuwasunga chipangizo chitazimitsidwa kale. Dzanja linalo likanakhala litagwira chitsulo cha ampulifayayo, mphamvu ija ikanadutsa pachifuwa. Azakhali analira ngati pagwa maliro, ndipo sankalakwa.

Tinapita nayo ku Mzuzu kwa mkulu wina amene anaphunzira ntchito pa mawailesi a mavalavu. Asanakhudze kanthu anayamba wakhetsa moto wa m'makapasita, n'kutsimikiza ndi mita, dzanja limodzi lili m'thumba. Anayeza mavalavu akale aja amene ndinawataya m'katoni, napeza kuti onse anayi anali amoyo. Vuto linali kakapasita kamodzi kodontha ndi kachipangizo ka selenium kofooka ka mu dera la bias, zinthu zimene mtengo wake sufika ngakhale pa valavu imodzi. Anandiuzanso kuti chipangizo chimene chagona zaka zambiri amachiyatsa pang'onopang'ono, atalumikiza babu pa mzere wa magetsi kuti likawala kwambiri adziwe kuti mkati muli vuto, komanso kuti ampulifaya ya mavalavu saiyimbitsa masipika atachotsedwa, chifukwa thiransifoma ya mawu imapsa.

Thiransifoma imene ndinawotchayo ndiye mtima wa mawu onona aja, ndipo m'masitolo athu simupezeka. Amalume sanandikalipire. Anangoti, "Bola uli moyo, mphwanga," n'kubweza mbale zawo m'sutikesi.

Inu amene m'bale wanu wakutumizirani chipangizo chotere kuchokera kunja, musagule chatsopano chilichonse mmisiri asanachiyeze, ndipo fyuzi ikaduka musailumikize ndi waya. Chivundikiro cha pansi chija musachitsegule nokha.