Kachilombo Kovala Malaya Athu

Anzanga a m'makalabu, sabata yatha kuno ku Matandani mnyamata wina anandifunsa kuti: "Ine ndimadya bwino, mpira ndimamenya. Asilikali a m'thupi mwanga angalephere bwanji kupha HIV?" Ena anaseka, koma funsoli ndi lanzeru.

Tiyambe ndi galu wolondera munda wa manachesi. Mwini munda samuluma ayi, amamudziwa ndi fungo. M'magazi mwathu mulinso alonda otere. Si ma CD4 omwe tinazolowera kumva aja. Awa ndi mapuloteni oposa 30, ambiri amapangidwa m'chiwindi, ndipo achipatala amawatcha complement. Anawafufuza kwambiri ndi Jules Bordet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1890. Akapeza jeremusi amaimatirira kuti maselo oyera aione msanga, ena n'kuiboola khungu mpaka kufa.

Vuto lake, alondawa alibe maso. Atha kumatirira ngakhale maselo athu omwe. Chomwe chimatipulumutsa n'chakuti maselo athu ali ndi zizindikiro pakhungu lawo, monga CD55 ndi CD59, zowauza kuti "uyu ndi wathu, musiyeni." Pali matenda ena osowa omwe maselo ofiira amakhala opanda zizindikirozi. Complement imawaphwanya, munthu n'kuchepa magazi.

Tsono tamvani ukathyali wa HIV. Kachilomboka kamaswana m'kati mwa selo lathu. Potuluka kamadzikulunga ndi kachidutswa ka khungu la selolo, CD55 ndi CD59 zili pomwepo. Basitu mbala yavala malaya a mwini munda! Galu akanunkhiza amangogwedeza mchira. Tina timafa ndithu, koma tambiri timadutsa.

N'chifukwa chake ine sindikhulupirira mabotolo ogulitsidwa pamsika, amene amati "amakweza chitetezo n'kutha kachilombo." Kuwonjezera agalu kuthandizanji, mbala ikununkha ngati mwini? Kudya bwino n'kofunika, koma sikuchotsa HIV.

Ma ARV amagwira pena: amaletsa kachilomboka kuswana m'maselo. M'Malawi muno boma linayamba kuwapereka mwaulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba kumwa osadikira kuti CD4 itsike. Koma kuti udziwe ngati mbala yalowa, galu sakuuza, pafunika kuyezetsa magazi, kaya pachipatala chathu cha Matandani kapena ku Neno boma.

Mnyamata uja akuti akuopa kupita yekha. Tagwirizana kuti Lachisanu lino tipitira limodzi, ine ndiyambe kuyezetsa.