Galu Akaswa Pakhomo: Kusamala Tiagalu ndi Kuteteza Ana Athu

Phunziro la mwezi uno likukhudza chiweto chimene chimapezeka pakhomo pa ambiri a ife, koma sitikonda kuchiwerengera pa ziweto. Nkhuku timazimangira khola, mbuzi timazimangira khola, koma galu akaswa timangomva kulira kuseri kwa nkhokwe. Chikhalirecho galu ndi mlonda wa pakhomo, ndipo amayi ena ayamba kuweta agalu kuti azigulitsa tiana take n'kupezapo ya sopo ndi ya fizi.

Chifukwa chachikulu chophunzirira izi ndi ana athu. Amene amayamba kupeza tiagalu, kutinyamula, kutibereka kumbuyo ndi kutipsompsona ndi ana ndi zidzukulu zanu. Kagalu kakakhala pauve, uvewo umafika m'manja mwa mwana, kenaka m'kamwa. Mfundo yoti muisunge ndi iyi: pa masabata oyamba, kagalu sikasambitsidwa. Chimene mumayeretsa ndi malo amene kakugona.

Konzekerani galu asanaswe

Galu amakhala ndi bere pafupifupi masiku 63, ndiye kuti masabata 9. Kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, mukonzereni malo kuti awazolowere. Mukapanda kutero adzasankha yekha, ndipo nthawi zambiri amakumba dzenje pamthunzi, pamene pali nthata ndi ntchentche.

Sankhani malo ouma, osadontha, osawomba mphepo, otalikirana ndi khitchini komanso pamene ana amasewera. Pansi pakhale pozira bwino kapena pa simenti. Ikani katoni yaikulu kapena bokosi la matabwa loti make azitha kugona motambasuka. M'mbali mukhale motalika pang'ono kuti tiagalu tisatuluke, koma make azitha kulumpha. Yalanimo masaka ndi nsalu zakale zochapa bwino, ndipo musunge zina zosinthira. Yang'ananinso ngati pafupi palibe njira ya linthumbu, chifukwa usiku umodzi lingathe kupha tiagalu tonse.

Tsiku loswa

Agalu ambiri amaswa okha popanda vuto. Make amang'amba kathumba kamene kagalu kabadwiramo, amadula mchombo ndi mano, n'kukanyambita mpaka kayambe kupuma ndi kulira. Ntchito yanu ndi kuyang'anira chapatali ndi kuletsa ana kuunjikana. Galu amene wangoswa kumene amalusa, angathe kuluma ngakhale munthu amene amamudziwa.

Mukaona kuti make wasiya kagalu kali m'kathumba, sambani m'manja ndi sopo, ng'ambani kathumbako kumaso, pukutani mphuno ndi kukamwa, ndipo mukatikite ndi nsalu youma mpaka kalire. Ngati make akuvutika kwa nthawi yoposa theka la ola popanda kagalu kutuluka, itanani alangizi a ziweto. Musakoke kagalu ndi mphamvu.

Onetsetsani kuti kagalu kalikonse kayamwa tsiku loyamba lomwelo. Mkaka woyamba uja ndi umene umakapatsa chitetezo ku matenda, monga mudziwa kale ndi ana athu, ndipo thupi la kagalu limalandira chitetezocho m'maola 24 oyamba okha. Akamaliza kuswa, chotsani zoyala zonyowa, ikani zouma. Kamchombo kamauma n'kugwa kokha pakatha masiku ochepa. Musapakepo phulusa, dothi kapena mafuta. Pakatupa kapena kutuluka mafinya, pitani kwa alangizi.

Chifukwa chake sitisambitsa

Kagalu kamabadwa kosaona ndi kosamva. Maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo musawatsegule ndi zala. Pa masabata oyambawa thupi lake silitha kudzifunditsa lokha, limadalira make ndi tinzake. N'chifukwa chake tiagalu timagona mounjikana. Kagalu konyowa kamazizidwa msanga, kakazizidwa kamasiya kuyamwa, ndipo kakasiya kuyamwa kamafooka n'kufa. Madzi ndi sopo amachotsanso fungo limene make amakazindikira nalo.

Make ndiye amasambitsa ndi lilime. Akamanyambita kumimba ndi kunsi kwa mchira amakhala akukathandiza kukodza ndi kuchita chimbudzi, pakuti kagalu sikatha kutero pakokha kufikira katakwana pafupifupi masabata 3. Ngati kagalu kadetsedwa ndipo make sanakayeretse, viikani kansalu kofewa m'madzi ofunda, finyani, pukutani pamalo podetsedwa pokhapo, umitsani ndi nsalu ina, n'kukabwezera kwa make nthawi yomweyo. Kusambitsa thupi lonse dikirani mpaka katakwana pafupifupi miyezi iwiri, ndipo muchite masana dzuwa likuwala.

Samalani kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene kukuzizira, komanso nthawi ya chiperoni. Tiagalu tokhuta ndi tofunda timagona phee. Tikamalira kosalekeza, pali njala, kuzizidwa kapena matenda. Kagalu kozizira m'kamwa musakamwetse kanthu. Yambani mwakafunditsa pang'onopang'ono, pokakulunga m'chitenje pafupi ndi thupi lanu kapena pafupi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga nsalu. Musaike mbaula m'chipinda chotseka, mpweya wa makala umapha.

Kagalu kamasiye kamafuna kumwetsedwa maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, ndipo kakatha kumwa mukapukute kunsi kwa mchira ndi kansalu kofunda m'malo mwa lilime la make. Mkaka wa ng'ombe wokha sukakwanira ndipo umatsegulitsa m'mimba. Njira yabwino ndi kupeza galu wina woyamwitsa, apo ayi funsani alangizi za mkaka woyenera.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Sinthani zoyala tsiku lililonse, ndiponso nthawi iliyonse zikanyowa. Zichapeni ndi sopo m'beseni lakelake, osati lochapira zovala za ana kapena lotsukira mbale. Yanikani pachingwe padzuwa, osati pansi. Sesani malowo, tayani zinyalala kutali. Mbale ya galu ikhale yakeyake, yotsukidwa tsiku ndi tsiku, ndipo madzi akumwa asasowe.

Musaiwale make. Galu woyamwitsa amadya kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Mkute ndi madeya okha sizimukwanira. Muwonjezereni bonya kapena usipa, soya wokazinga ndi kugaya, kapena dzira lophika, ndipo adye katatu pa tsiku. Make akamadya bwino, kagalu kamalemera kuwirikiza kawiri pomatha masiku 10. Make wanjala amayendayenda kudzala ndi kuzimbudzi, n'kubweretsa matenda kwa ana ake ndi anu omwe.

Adani atatu

Woyamba ndi nthata ndi nkhupakupa. Zimayamwa magazi, ndipo kagalu kali ndi magazi ochepa. Yang'anani nkhama zake: zikayera m'malo mofiirira, magazi achepa. Pesani ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono n'kumaviika chipesocho m'madzi a sopo. Musathire tiagalu dipi wa ng'ombe, palafini, oyilo wakuda, mankhwala a m'munda kapena opopera udzudzu. Zonsezi zimalowa pakhungu ndipo zimapha. Musawapatsenso agalu mankhwala a anthu opha ululu. Mankhwala oyenera galu woyamwitsa akuuzeni ndi alangizi.

Wachiwiri ndi mphutsi za pakhungu, zimene zimachuluka nyengo yotentha ndi ya dzinja. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga wa pamthunzi pamene pali mkodzo kapena chimbudzi, komanso pa nsalu zonyowa. Mazira akaswa, timphutsi timaboola khungu n'kukula m'kati, ndipo pamatuluka chotupa chokhala ndi kabowo pakati. Matani kabowoko ndi Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani mofatsa kuti ituluke yathunthu, ndipo tsukani bala ndi madzi ofunda a mchere pang'ono. Ntchentche yomweyi ndi imene imalowetsa mphutsi mwa makanda athu kudzera m'matewera oyanika pansi. N'chifukwa chake timasita zovala za ana.

Wachitatu ndi njoka za m'mimba, ndipo apa tikhalitsepo. Tiagalu tambiri timabadwa tili nazo kale, chifukwa zimachoka mwa make kulowa mwa ana ali m'mimba, zina kudzera mu mkaka. Kagalu kotere kamatupa mimba, ubweya umanyankhalala, ndipo sikakula. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi, ndipo ndi aang'ono osaoneka ndi maso. Mwana wokwawa pabwalo kapena wodya dothi angathe kuwameza, ndipo timphutsi take timayenda m'thupi mpaka kuchiwindi, nthawi zina mpaka m'diso. Mtundu wina umaboola khungu la kuphazi kwa mwana woyenda opanda nsapato n'kusiya mzere woyabwa wokhotakhota.

Mwayi wathu ndi wakuti mazira a mtundu womezedwa uja sakhala oopsa tsiku limene atuluka. Amafuna masabata awiri kapena kuposerapo m'dothi kuti akhwime, koma akakhwima amakhala amoyo miyezi yambiri. Choncho mukamawola chimbudzi cha agalu tsiku lililonse ndi khasu n'kuchitaya m'chimbudzi cha dzenje kapena kuchikwirira mozama, mwadula njira ya matendawa. Musachitaye m'dimba la ndiwo. Tiagalu timwe mankhwala a njoka tikakwana masabata 2, 4, 6 ndi 8, kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Make amwe nawo limodzi. Mlingo wake umatengera kulemera kwa kagalu, ndiye musaganizire nokha. Ndipo aliyense amene wagwira galu asambe m'manja ndi sopo asanadye, asanaphike ndiponso asanayamwitse.

Kuletsa kuyamwa ndi katemera

Pa masabata 3 kapena 4 yambani kutipatsa phala lamadzimadzi losakaniza ufa wa bonya kapena wa soya m'mbale yosaya. Tikatha kudya tipukuteni kukamwa ndi kumapazi, ndipo chotsani zotsala kuti zisaitane ntchentche. Pakati pa masabata 6 ndi 8 tilandire katemera woyamba woteteza ku matenda ena, makamaka aja otsegula m'mimba mwa magazi ndi kusanza, amene amatha kumaliza tiagalu tonse m'masiku ochepa. Tisanabayidwe, tisamatuluke kunja kwa mpanda.

Katemera amene sitinganyengerere ndi wa chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 aliwonse, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu. Kagalu nakonso kangakhale ndi chiwewe, choncho letsani ana kutola tiagalu tosadziwika mwini. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi itatu, koma pakabwera katemera wa m'dera lonse, monga amene bungwe la Mission Rabies linayamba ku Blantyre mu 2015, tengani agalu onse ndi tiana tomwe. Agalu 7 pa 10 aliwonse akabayidwa m'dera, chiwewe chimasowa podutsa.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musamange bala ndi mankhwala azitsamba n'kukhala pansi. Katemera amapulumutsa zizindikiro zisanayambe. Zikayamba, palibe mankhwala.

Kwa amene mukugulitsa

Musapatule kagalu kwa make kasanakwane masabata 8. Kotengedwa msanga kamadwaladwala ndipo kamakula kamantha kapena kolusa. Sungani kope lolemba tsiku lobadwa, masiku a mankhwala a njoka ndi a katemera, ndipo wogula mumupatse khadi la katemera. Ameneyo adzakutumizirani anzake. Musatume ana kukaimika tiagalu padzuwa m'mphepete mwa msewu. Ngati simungathe kudyetsa kapena kupezera malo tiagalu tina, funsani dokotala wa ziweto za opaleshoni yoletsa galu kubereka, m'malo motaya tiana kutchire kapena kumtsinje.

M'buku la Tobiti timawerenga kuti galu anatsagana ndi Tobiya pa ulendo wake wautali, popita ndi pobwera. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa udindo wathu pa zolengedwa zonse. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe ndi 28 Sepitembala, ndipo pa 4 Okutobala timakondwerera Fransisko Woyera wa ku Assisi, bwenzi la zolengedwa. Sabata ya pakati pa masiku awiriwa ndi nthawi yabwino yoti gulu lanu lichitepo kanthu.

Mafunso okambirana pagulu

1. Mumphakati mwanu, ndi mabanja angati ali ndi agalu, ndipo ndi agalu angati anabayidwa katemera wa chiwewe chaka chino?
2. Pakhomo panu, chimbudzi cha agalu chimatayidwa kuti, ndipo amachotsa ndani?
3. Kodi ana anu akudziwa choti achite galu akawaluma, ndipo angakuuzeni popanda kuopa kukalipiridwa?
4. Ndani pagulu lanu amene apite kwa alangizi a ziweto kukawapempha kuti adzayankhule pa msonkhano wotsatira?