Mapiritsi Opha Ululu Sawonjezera Mphamvu pa Masewera: Uthenga kwa Mabanja a ku Chileka ndi Lirangwe

Pakati pa achinyamata amene amasewera mpira m'mabwalo a ku Chileka ndi Lirangwe, amene amanyamula zitsulo kuseri kwa nyumba, ngakhalenso akabaza amene amapalasa njinga tsiku lonse mumsewu wa M1 ndi m'misewu yafumbi yolowera m'midzi, mukumveka chikhulupiriro chakuti munthu akameza mapiritsi awiri kapena atatu a bufeni, indosidi kapena diclofenac, n'kutsitsira chakumwa chija amati chopatsa mphamvu, amathamanga osatopa ndipo thupi limakhwima msanga. Chikhulupiriro chimenechi n'chabodza, ndipo chikuika pachiswe impso ndi m'mimba mwa achinyamata amene sanali kudwala chilichonse. Munthu asamwe mapiritsi opha ululu asanayambe masewera kapena ntchito yokhetsa thukuta.

Bufeni, amene dzina lake la m'mabuku ndi ibuprofen, pamodzi ndi indosidi ndi diclofenac, ali m'gulu limodzi la mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa. Mwa mankhwala amenewa mulibe chakudya, mulibe shuga, mulibe chilichonse chomanga mnofu. Ntchito yake ndi kuletsa thupi kupanga timadzi totchedwa prostaglandin, tomwe timachititsa kuti malo ovulala atupe ndi kupweteka. Vuto n'lakuti timadzi tomweti tili ndi ntchito zina ziwiri zofunika kwambiri, zomwe ndi kutsekula mitsempha yopititsa magazi ku impso pamene thupi lachepa madzi, ndiponso kuteteza khungu la m'kati mwa chifu kuti lisapse ndi asidi wogaya chakudya. Amene wameza mapiritsiwa ndiye kuti wachotsa chitetezo chonsechi pa nthawi imene thupi likuchifuna koposa.

Impso ndi ziwalo ziwiri zosefa magazi, ndipo mwa munthu wamkulu zimasefa madzi okwana pafupifupi malita 180 pa tsiku, ambiri n'kubwerera m'thupi, ochepa n'kutuluka ngati mkodzo. Munthu akamathamanga kwambiri, magazi ambiri amapita ku minofu ndi ku khungu, kotero kuti opita ku impso amachepa, ndipo pa dzuwa la October ndi November, lomwe aliyense wa ku Chileka amalidziwa, wosewera mpira akhoza kutaya lita imodzi kapena awiri a thukuta pa ola limodzi. Pa nthawi yoteroyo impso zimadalira prostaglandin kuti magazi apitirize kufika. Bufeni kapena diclofenac akalowererapo, mitsempha ija imafinyika, kusefa kumatsika, ndipo mwa anthu ena impso zimavulala mwadzidzidzi m'masiku ochepa chabe. Choopsa n'chakuti impso sizifulumira kupweteka, choncho mnyamata amapitiriza chizolowezi chake sabata ndi sabata, mpikisano ndi mpikisano, akuganiza kuti zonse zili bwino. Munthu asamwe mapiritsi opha ululu asanayambe masewera.

M'mimba namonso simupulumuka, makamaka chifukwa ambiri amameza mapiritsiwa asanadye kanthu poopa kulemedwa pabwalo. Zotsatira zake ndi kutentha pamtima, zilonda za m'mimba, ndipo nthawi zina kutaya magazi m'kati, komwe kumaonekera ndi chimbudzi chakuda bii kapena masanzi a magazi. Palinso vuto lachitatu lomwe anamwino atopa nalo kulifotokoza: ululu ndi chenjezo lakuti bondo, kakolo kapena mnofu wavulala ndipo ukufunika kupuma, tsono wosewera akatseka chenjezolo ndi mapiritsi n'kulowanso m'bwalo, kubinya kwa sabata imodzi kumasanduka kuvulala kwa miyezi. N'zomvetsa chisoni kuti achinyamata ena amafika kuchipatala bondo litatupa kale moti buluku silikwera, ndipo akafunsidwa amayankha kuti anangomwa "tiwiri tokha" monga amachitira anzawo onse, ngati kuti kuchuluka kwa ochita chinthu kumachotsa kuopsa kwake.

Ena amatsutsa ponena kuti akatswiri a mpira a kunja amamwa mankhwala omwewa. Zoona, kafukufuku wa madokotala a bungwe la FIFA pa mipikisano ya World Cup kuyambira 2002 anapeza kuti osewera oposa theka ankamwa mankhwala a gulu limeneli m'kati mwa mpikisano, koma madokotalawo analengeza zimenezi ngati vuto lofunika kulithetsa, osati chitsanzo choti ena atengere. Ivan Klasnić, katswiri wa ku Croatia amene ankasewera mu timu ya Werder Bremen ku Germany, anapitiriza kupatsidwa mankhwala opha ululu impso zake zili kale ndi vuto, mpaka anamuika impso ya munthu wina m'chaka cha 2007, ndipo pambuyo pake khoti linapeza kuti madokotala amene ankamusamalira analakwitsa. Iyeyo anali ndi madokotala, ndalama ndi zipatala zamakono. Mnyamata wa ku Lirangwe impso zake zikaleka kugwira ntchito, chiyembekezo chake chimakhala pa makina osefa magazi a ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, omwe ndi ochepa poyerekeza ndi odwala owafuna, ndipo wodwala amene impso zinaferatu amayenera kupitako kangapo pa sabata moyo wake wonse. Banja lililonse liwerengere lokha mtengo wa maulendo amenewo, kenaka liuyerekeze ndi phindu la mpira wa Loweruka limodzi. Munthu asamwe mapiritsi opha ululu asanayambe masewera.

Chiopsezochi chimakula kwambiri kwa amene ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena zilonda za m'mimba, kwa amayi oyembekezera, kwa amene angochira kumene malungo kapena kutsekula m'mimba, ndiponso kwa amene akumwa ma ARV, popeza ambiri mwa mankhwala amenewa muno m'Malawi ali ndi tenofovir, yemwe amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Amenewa apitirize kumwa mankhwala awo mokhulupirika, koma asaonjezerepo bufeni, indosidi kapena diclofenac popanda kufunsa achipatala.

Zakumwa zotchedwa zopatsa mphamvu, zomwe zadzaza m'magolosale ndi m'maokala, mphamvu yake ndi shuga ndi kafeini basi. Kafeini ndi chinthu chopezekanso mu khofi ndi tiyi chomwe chimagalamutsa ubongo ndi kufulumizitsa mtima, ndipo ngakhale kuti pang'ono amathandizadi munthu wamkulu kupirira pa masewera, akachuluka amabweretsa kugunda kwa mtima kosalongosoka, kunjenjemera, nkhawa ndi kusowa tulo. Akatswiri a za chakudya a ku Ulaya anaika malire a mamiligalamu 400 pa tsiku kwa munthu wamkulu wathanzi, pamene kachitini ka mamililita 250 kamakhala ndi pafupifupi mamiligalamu 80, ndipo mabotolo aakulu amakhala ndi ochuluka kuposa pamenepa. Ana asukulu sayenera kupatsidwa zakumwazi, ndipo kuzisakaniza ndi kachasu kapena mowa wina uliwonse n'koopsa kwambiri chifukwa munthu sazindikira kuti waledzera. Komanso zolembedwa pa botolo si nthawi zonse zimanena zonse zimene zili m'kati: m'chaka cha 2019 chakumwa cha Natural Power SX, chopangidwa ku Ndola m'dziko la Zambia, chinaletsedwa ku Zambia ndi kuno ku Malawi atachipeza ndi sildenafil, mankhwala a abambo ofooka m'nyumba, omwe akhoza kutsitsa kuthamanga kwa magazi moopsa mwa anthu ena odwala mtima.

Ufa wa mapuloteni wa m'zitini ndi mapiritsi okulitsa minofu ogulitsidwa pa WhatsApp kapena m'zikwama, opanda chizindikiro chakuti anaunikidwa ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA kapena la Malawi Bureau of Standards, sayenera kugulidwa, chifukwa ena amasakanizidwa ndi masteroidi, mankhwala otsanzira mphamvu yachimuna amene amaononga chiwindi, kukweza kuthamanga kwa magazi ndi kuchepetsa mbewu ya abambo. Tramadol, yemwe ena amamumwa kuti asamve kutopa, amayambitsa chibaba ndi khunyu, ndipo kuyambira pa 1 January 2024 bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera pa dziko lonse, linamuletsa pa nthawi ya mpikisano.

Chimene thupi lochita masewera limafuna chili kale pakhomo: nsima, mbatata, nthochi kapena thobwa zopatsa mphamvu, usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, mtedza ndi mazira zomanga minofu, madzi otetezedwa asanayambe, ali m'kati ndiponso akamaliza, Thanzi ORS ngati thukuta latuluka lochuluka, ndi tulo tokwanira.

Aliyense amene wamwa mapiritsiwa n'kuchita masewera, kenaka n'kuona kuti mkodzo wachepa kwambiri kapena wasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, nkhope kapena mapazi zatupa, akusanza mosalekeza, chimbudzi chada, mtima ukugunda mosalongosoka kapena wakomoka pabwalo, achibale apite naye tsiku lomwelo ku chipatala cha Chileka, cha Lirangwe kapena cha Mlambe ku Lunzu, osadikira kuti kuche ndiponso osamupatsa mapiritsi ena kunyumba. Achibale atenge mapaketi ndi mabotolo a zonse zimene wodwalayo anamwa, ndipo anene zoona pa kuchuluka kwake, chifukwa namwino amene wabisiridwa sangathe kupereka thandizo loyenera mwamsanga, ndipo maola otayika pofunsa funso limodzi kasanu ndi omwe impso zimapitirira kuonongeka. Makolo ayang'ane m'zikwama za mpira za ana awo, aphunzitsi a matimu ndi okonza mipikisano ya bonanza aleke kugawa mapiritsi asanalize wezulo, ndipo eni maokala aleke kugulitsa mankhwalawa kwa ana. Wosewera amene akumva ululu apume ndi kukaonana ndi achipatala kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lake, ndipo asamwe mapiritsi opha ululu kuti alowe m'bwalo.