Nambala ya mnzanu isakugonjetseni musanakhale pansi

Inu ana anga a kwa Champiti amene mwayamba tchesi kusukulu, tsiku lidzafika loti mukwere minibasi pa Boma la Ntcheu kupita ku mpikisano wa Chess Association of Malawi. Kumeneko adzamata ndandanda pakhoma: dzina lanu, dzina la wosewera naye, ndi nambala pambali pa dzina lililonse. Ambiri amaluza ali chilili pakhoma pomwepo.

Nambalayo ndi rating, kawerengedwe ka Arpad Elo komwe bungwe la FIDE lidayamba kugwiritsa ntchito mu 1970. Masamu ake ndi awa: munthu akakuposani ndi 200, pa magemu anayi akuyembekezeka kutenga mapointi pafupifupi atatu, inu imodzi. Imodziyo ndi yanu, ndipo palibe adalemba kuti siingabwere lero. Nambala imanena za magemu amene adatha kale. Amon Simutowe wa ku Zambia adatenga ukatswiri wa dziko lake ali ndi zaka 14, akuluakulu alipo, ndipo mu 2009 adakhala grandmaster.

Chimene chimagwetsa osewera a m'makalabu kawirikawiri si kusadziwa mayambidwe a m'mabuku ayi. Ndi dzanja. Tidakulira pa bawo, pomwe dzanja limathamanga ndipo oonerera amakuuza potakata. Pa mpikisano pali zii, ndipo lamulo likuti chimene wagwira mwadala, ngati chili ndi kopita, uchiyendetse basi. Kulibe "pepani, ndibweze". Choncho manja akhale pamiyendo mpaka mutu utamaliza ntchito, ndipo funso loyamba lisakhale loti inu mukufuna chiyani, koma loti mnzanuyo wayendera chiyani pamenepo. Chenjerani makamaka mukadya hatchi yake kapena bishopu. Mtima umayamba kuvina ngoma gemu isanathe, pomwe wovulalayo ndiye wayamba kuganiza mozama.

Wotchi muziiyang'ana, koma isakulamulireni.

Pa magemu aatali adzakupatsani pepala loti mulembe mayendedwe onse. Ndimaona achinyamata akulikwinya akaluza n'kulitaya pakhomo. Zimandiwawa, chifukwa kuno mphunzitsi wa tchesi ndi wosowa, ndipo pepalalo ndi limene lingakuuzeni pomwe zidakhota. Mukagwirana chanza, mupempheni wokugonjetsaniyo mwaulemu kuti mubwereze gemuyo limodzi panja pa holo. Ambiri savuta. Mumufunse pamene iye ankachita mantha, ndipo nambala ya mayendedwe amenewo muizungulize ndi cholembera.