Metformin ndi vuto la mazira: tidziwa bwanji kuti akugwira ntchito?

Omvera athu, makalata amene ndasankha lero onse akukamba za mankhwala a shuga otchedwa metformin, amene amayi ena amapatsidwa chifukwa cha vuto la mazira lomwe kuchipatala amalemba kuti PCOS. Mayina a olemba sinditchula.

FUNSO: Mayi wa ku Edingeni alemba kuti: “Ndili ndi zaka 27, ndakhala pabanja zaka 3 popanda mwana. Kumwezi ndinkapita mwina kanayi pa chaka. Atandijambula anandipatsa metformin. Ndamwa miyezi 4, mimba palibe. Amuna anga ali ku Johannesburg, anabwera masabata atatu n'kubwerera. Apongozi akuti mankhwalawa ndi achabe. Ndisiye?”

YANKHO: Mayi, musasiye musanakambirane ndi amene anakulemberani, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake. Mankhwala alionse amaweruzidwa ndi ntchito imene anapatsidwira, ndipo ntchito ya metformin si kupereka mimba mwachindunji. Mwa amayi ambiri amene ali ndi PCOS, thupi silimvera bwino insulini, amene kapamba amatulutsa kuti shuga alowe m'minofu. Kapamba akaona kuti sakumveredwa amatulutsa insulini wochuluka, ndipo insulini wochulukayo amachititsa matumba a mazira kupanga mahomoni achimuna oposa muyeso. Zikatero mazira ambiri amayamba kukula koma amaima panjira, palibe lokhwima n'kutuluka. Timadontho tomwe munaona pa sikani si zotupa zofuna opaleshoni ayi, ndi mazira amene anaima panjirawo. Metformin amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa ndiponso amathandiza thupi kumvera insulini. Insulini akatsika, mwa amayi ena dzira limayambanso kukhwima. Ndanena kuti ena, osati onse. Ntchito yake ili ngati kulima mizere: n'kofunika, koma si kubzala.

Choncho chizindikiro choyamba chimene muyenera kuyang'ana ndi msambo. Mwatiuza kuti kale munkapita kumwezi kanayi pa chaka, koma simunatiuze kuti pa miyezi 4 imeneyi mwapita kangati, ndipo yankho la funso lanu lagona pamenepo. Tengani buku lanu la kuchipatala, kumasamba a kumapeto muzilemba tsiku limene mwayamba kusamba mwezi uliwonse. Msambo wa mayi amene akutulutsa dzira umabwera pakati pa masiku 21 ndi 35. Ngati kale pankadutsa masiku 90 ndipo tsopano pakudutsa 40 kapena 35, mankhwalawo akugwira ntchito, ngakhale mimba sinabwere. Ngati pofika miyezi 6 mukumwa mlingo wokwanira tsiku lililonse koma msambo sunasinthe, pamenepo tinganene kuti kwa inu metformin payekha walephera, ndipo mubwerere kukapempha njira ina.

Nanga mimbayo? Pano ndikupempha apongozi anu amvetsere, chifukwa ndikudziwa kuti kuno kwathu kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ng'ombe za lobola zikapita maso a mudzi wonse amakhala pa mkamwana. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, ndipo masiku amene mayi angatenge mimba pa mwezi ndi pafupifupi 6 okha. Ngakhale banja lopanda vuto lililonse, lokhala nyumba imodzi, nthawi zambiri limadikira miyezi ingapo. Ngati bambo anakhala masabata atatu okha pa miyezi 4, ndipo msambo wa mayi n'ngosadziwika tsiku, n'zotheka kuti dzira linatuluka iwo atakwera kale basi. Mabanja ambiri a ku Mzimba akukhala chotere, mwamuna ku Joni, mkazi kumudzi, ndipo si chilungamo kuimba mlandu mayi kapena mankhwala pa masiku amene mwamuna kunalibe.

Komabe sindikubisirani zimene kafukufuku anapeza. Mu 2007, gulu la madokotala a ku America lotsogoleredwa ndi Richard Legro linafalitsa zotsatira za amayi 626 a PCOS ofuna mwana, amene anamwa mankhwala mpaka miyezi 6. Mwa amene anamwa metformin yekha, pafupifupi 7 pa 100 alionse anabereka mwana wamoyo. Mwa amene anamwa clomiphene, mankhwala okhwimitsa dzira, anali pafupifupi 22 pa 100, ndipo mwa amene anaphatikiza onse awiri anali pafupifupi 27. Mu 2014 gulu lomwelo linayerekeza clomiphene ndi letrozole mwa amayi 750, ndipo letrozole anapambana: 27.5 pa 100 poyerekeza ndi 19. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a mayiko ambiri, amene anakonzedwanso mu 2023 motsogoleredwa ndi yunivesite ya Monash ku Australia, amaika letrozole patsogolo kwa mayi wofuna mimba. Ngati cholinga chanu ndi mwana, kanenereni adokotala mosapita m'mbali, ndipo mwezi umene bambo akubwera udziwike msanga kuti mankhwala okhwimitsa dzira aperekedwe pa nthawi yake. Mankhwala amenewo musagule pamsika kapena kuwaitanitsa ndi wobwera ku Joni. Amatha kubweretsa mapasa kapena kutupitsa matumba a mazira, ndipo amafuna wowayang'anira.

FUNSO: Bambo wa ku Jenda akuti: “Ndinagula kachipangizo koyezera shuga. Shuga wa akazi anga anali bwino asanayambe mankhwala, ali bwino mpaka lero. Ndiye akumwera chiyani mankhwala a anthu a shuga? Sawatsitsa shuga mpaka kukomoka?”

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kutsatira za umoyo wa akazi anu, koma kachipangizoko kakuyankha funso lina. Kamayeza shuga, sikayeza insulini. Mayi wa PCOS amatha kukhala ndi shuga wabwinobwino zaka zambiri chifukwa kapamba akugwira ntchito mopitirira kuti amusunge pamenepo, ndipo kugwira mopitirirako ndi kumene kukusokoneza mazira. Nambala yabwino pa kachipangizo sikutanthauza kuti mankhwala anali osafunika, komanso si umboni woti agwira ntchito. Za kukomoka musaope kwambiri: metformin payekha satsitsa shuga kupitirira muyeso kawirikawiri, mosiyana ndi jakisoni wa insulini kapena glibenclamide amene agogo ambiri amamwa. Ngozi imabwera akasakanizidwa ndi mowa wambiri, makamaka munthu asanadye.

Ngati mukufuna kuyeza kunyumba, gulani tepi ya telala. Yezani m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo, kamodzi pa mwezi, ndipo kusikelo akwere sikelo yomweyomweyo. Kwa mayi wonenepa, kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a thupi lake nthawi zambiri kumabweza msambo, kutanthauza kuti wa makilogalamu 80 atsike ndi 4 mpaka 8. Metformin amathandizako pang'ono, koma pang'ono pokha. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2002, wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga, anapeza kuti metformin anachepetsa chiopsezo ndi 31 pa 100, pamene kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kunachepetsa ndi 58 pa 100. Anthuwo sanasankhidwe chifukwa cha PCOS, koma muzu wa vuto lawo ndi womwewo. Ndiye zakumwa zotsekemera zichoke pakhomo, shuga wa mu tiyi achepe, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke m'mbale kuposa mitanda ya nsima. Kuyeza kodalirika kwa shuga kwa mayi wa PCOS ndi kwa ku labotale, kumene amamwa madzi a shuga wa magalamu 75 asanadye kanthu n'kuyezedwa pakatha maola awiri. Kumeneko n'kofunika makamaka asanatenge mimba ndiponso ali ndi pakati.

FUNSO: Mphunzitsi wa pa boma la Mzimba walemba motsutsa: “Nthawi zonse mumati dikirani miyezi 6. Kodi si njira yoikira kumbuyo mankhwala osagwira ntchito? Amayi akupatsidwa metformin chifukwa ndi amene alipo, basi.”

YANKHO: Aphunzitsi, mbali ina ya mawu anu ndikuivomera. Metformin ndi wotsika mtengo, amapezeka chifukwa cha makiliniki a shuga ndi BP, ndipo madokotala akumudziwa kuyambira pamene Jean Sterne anayamba kumugwiritsa ntchito ku France mu 1957. Pamene madokotala a ku Venezuela anasonyeza mu 1994 kuti amathandiza amayi a PCOS, ambiri anaganiza kuti yankho lapezeka, kufikira kafukufuku wamkulu atatsitsa chiyembekezocho. Kupezeka kwa mankhwala si chifukwa chokwanira chowaperekera, ndipo mayi amene wamwa metformin zaka ziwiri popanda womufunsa za msambo wake wataya nthawi imene sidzabwerera.

Kumene ndikusiyana nanu n'koti miyezi 6 si chobisalira ngati tanena poyamba chimene tikuyembekezera. Kudikira kumakhala chinyengo pamene palibe malire ake. Koma tikagwirizana pa tsiku loyamba kuti tikufuna msambo ubwere osapitirira masiku 35, kuti thupi litsike mwakuti, kuti tidzaonananso mwezi wakuti, ndiye kuti mankhwalawo tawaika poti atha kupezeka olephera, ndipo kumeneko ndiko kuyeza kwenikweni. Nthawiyo siyochokera m'mutu: mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, dzira limatenga miyezi kuti likule, ndipo msambo umodzi wokha sungatiuze kanthu, timafuna kuona itatu yotsatizana. Onjezani kuti amayi ambiri a mu kafukufuku wa 2007 uja anali onenepa kwambiri, ndipo pa kafukufuku wina wa amayi ochepa thupi kusiyana kwa metformin ndi clomiphene sikunaoneke kwakukulu chotero. Metformin si wachabe, kungoti ali ndi malire ake. Mayi wa zaka zoposa 35 yekha asadikire nthawi yaitali asanapemphe kutumizidwa patsogolo.

Pali china chimene chimapangitsa metformin kuoneka wolephera: kupatsidwa kwa munthu amene vuto lake ndi lina. Sikani yokha siyokwanira kunena kuti mayi ali ndi PCOS. Kuyambira pa msonkhano wa ku Rotterdam mu 2003, pamafunika zizindikiro ziwiri mwa zitatu: msambo wodumphadumpha, mahomoni achimuna ochuluka ooneka ndi ndevu, ziphuphu kapena m'magazi, ndi mazira ambiri oima panjira, ndiponso matenda ena akhale atachotsedwapo. Chithokomiro chimasokoneza msambo. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amatha kuchedwetsa msambo miyezi yambiri atasiyidwa. Njira za mazira zotsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana ndi chifukwa chachikulu cha kusabereka kuno ku Africa, ndipo metformin sangazitsegule. Ndiye pali abambo. Pa mabanja ambiri osowa mwana vuto limakhalanso kwa mwamuna, ndipo kuyezetsa umuna n'kosavuta kuposa kuyeza kulikonse kumene mkazi amapirira. Njira yake yambirani pa chipatala cha kwanu, akulembereni kalata yopita ku chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni, ndipo zikafunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Pitani nonse awiri.

FUNSO: Mtsikana wa ku Embangweni akuti: “Sindikufuna mimba panopa. Chikundivutitsa ndi ndevu ndi ziphuphu. Metformin akunditsegula m'mimba, ndevu sizikutha. Ndimamwanso ma ARV.”

YANKHO: Mwana wanga, zikomo potchula ma ARV, chifukwa ndi nkhani yofunika kuposa ndevuzo. Mankhwala amene ambiri akumwa muno m'Malawi kuyambira 2019 ali ndi dolutegravir, ndipo ameneyu amakweza metformin m'magazi. Nthawi zambiri wakumwa onse awiri sayenera kupitirira mamiligalamu 1,000 a metformin pa tsiku pokhapokha adokotala akumuyang'anira. Kutsegula m'mimba kwanuko kungachokere pamenepo. Ma ARV musasiye ngakhale tsiku limodzi, koma sabata ino kauzeni mbali zonse ziwiri za chipatala zimene mukumwa, ndipo akuyezeni impso. Nseru ndi kutsegula m'mimba zimachepa ngati munthu wayamba ndi mamiligalamu 500, kumwa ali mkati mwa kudya, n'kukweza mlingo pakapita sabata imodzi kapena masabata awiri. Mukadwala kwambiri, kusanza kapena kutha madzi m'thupi, imitsani metformin kufikira mutaonana ndi achipatala. Womwa zaka zambiri ayezetsenso vitamini B12, makamaka akamamva dzanzi m'mapazi.

Pa ndevu, metformin ndi wofooka, ndipo mukamuyeza ndi galasi mudzamutaya pachabe. Kwa amene sakufuna mimba, mankhwala oyamba a ndevu, ziphuphu ndi msambo wodumpha ndi mapiritsi olera a mahomoni awiri, ngati BP yanu ili bwino ndipo mulibe chokuletsani. Sawononga mazira, ndipo sapangitsa munthu kukhala wosabereka monga amanenera kumadzi. Ngakhale iwo amafuna miyezi 6 kapena kuposa, poti tsitsi lomera kale silithothoka lokha, latsopano ndi limene limatuluka lofewa ndi lochedwa. Muziwerenga masiku amene akudutsa musanametenso kapena kuzula. Ndipo kaya mukumwa metformin kaya ayi, musalole miyezi itatu kudutsa osasamba mobwerezabwereza, pokhapokha chikuchititsa ndi njira yolera. Mkati mwa chiberekero mumakhuthala, ndipo zaka zikamapita chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero chimakwera. Miyezi itatuyo ikadutsa, pitani mukayezetse mimba kaye, chifukwa metformin amatha kubweza dzira mosayembekezera, kenako akupatseni mapiritsi a masiku ochepa otsitsa msambo.