Makalata a Omvera: Za Kukaphunzira Kunja

Muulutsi: Tiyambe ndi kalata ya bambo wina wa ku Santhe. Akuti mwana wawo wakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo munthu wina wawalonjeza kuti akangogulitsa mabelo awo a fodya ku Chinkhoma n'kumupatsa ndalama, iye apezera mwanayo sikolashipu ya boma la Britain. Akufunsa kuti, kodi apereke?

Mlangizi: Bambo, ndalama ya fodyayo isatuluke m'thumba. Mwaivutikira kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, isathere kwa dobadoba. Sikolashipu zodziwika za boma la Britain ndi Chevening, yomwe inayamba mu 1983, ndi ya Commonwealth. Kulembera zonsezi n'kwaulere, ndipo palibe munthu wapakati amene angakugulireni malo. Chinanso, Chevening si ya mwana amene wangomaliza folomu 4. Imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, ndipo wolembera ayenera kukhala ndi digiri yoyamba komanso atagwirapo ntchito pafupifupi zaka ziwiri, maola 2,800. Akamaliza amayenera kubwerera kumudzi zaka ziwiri. Choncho amene wakulonjezaniyo mwina sakudziwa zimene akunena, kapena akudziwa bwino lomwe kuti msika wa fodya watsegulidwa. Anthu oterewa amachuluka kuno ku Kasungu mu Epulo ndi Meyi, ndipo zimandiwawa chifukwa amasankha makolo amene amakonda sukulu.

Muulutsi: Ndiye mwanayo atani?

Mlangizi: Alembere malo m'mayunivesite athu kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Akapeza malo ku LUANAR, ku Mzuni, ku MUBAS kapena ku UNIMA, apemphe ngongole ku bungwe la ngongole za ophunzira, limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2015. Ngongoleyo ndi ya ophunzira m'sukulu za m'dziko muno. Digiri ya kuno ndiyo imatsegula makomo ambiri akunja, makamaka akaikhoza bwino.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa ku Wimbe. Akuti, William Kamkwamba ndi wa kwathu konkuno ndipo anakaphunzira ku America. Ine ndingadutse kuti?

Mlangizi: Mwanangu, wafunsa bwino, koma ulendo wa Kamkwamba uumvetse wonse. Anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi. Sanakhale pansi: ankabwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya ku Wimbe mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, kenako anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo digiri yake ya ku Dartmouth College anailandira mu 2014. Werengetsa zaka zimenezo. Amene anamuthandiza anaona kaye chimene manja ake anapanga. Ngakhale Kamuzu Banda, mwana wa Kasungu yemweyu, anagwira ntchito zaka zambiri ku South Africa asanafike ku America, ndipo udokotala anaumaliza ku Meharry mu 1937.

Kwa iwe lero, uphungu waulere ulipo. Boma la America lili ndi alangizi otchedwa EducationUSA ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe. Amakufotokozera za mayeso a SAT ndi TOEFL, kalembedwe ka kalata yodzifotokoza, ndi sukulu zimene zimathandiza ophunzira osauka. Iwo sapereka sikolashipu, amakuonetsa njira. Ndikuchenjezenso kuti malamulo a ma visa a ku America anakhwima kwa Amalawi mu 2025, kotero funsa kwa kazembe yemweyo momwe zinthu zilili usanawononge ndalama pa mayeso. Usayang'anenso dziko limodzi lokha. Maboma a Japan, India ndi China amapereka malo kudzera kwa akazembe awo ku Lilongwe, ndipo ena mwa malowo ndi a digiri yoyamba.

Muulutsi: Mphunzitsi wina wa ku Nkhamenya akudandaula kuti mwayi wotere umathera kwa ana a ku Kamuzu Academy ndi a m'tauni.

Mlangizi: Aphunzitsi, apa mwanena zoona, sindikutsutsani. Mwana wa ku Kamuzu Academy pa Mtunthama paja amalemba mayeso a Cambridge, amene mayunivesite a ku Britain amawalandira mosavuta, pamene wa MSCE nthawi zambiri amauzidwa kuti ayambe ndi chaka chokonzekera. Ali ndi intaneti, ali ndi omulangiza. Mwana wa sukulu yoyendera ku Chamama amamva za sikolashipu tsiku lotsekera litadutsa kale. Maganizo anga ndi akuti unduna wa zamaphunziro uyenera kufikitsa zidziwitso zimenezi ku maofesi a maphunziro m'maboma, ndi pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati m'nyuzipepala zokha zimene kumudzi sizifika. Ngati inuyo muli ndi digiri ndipo mwaphunzitsa zaka zingapo, ndiye Chevening, Commonwealth ndi Fulbright ya ku America zikukukhudzani. Poti ndinu wogwira ntchito m'boma, yambani msanga kupempha chilolezo chopita kusukulu, chifukwa makalata a ku Capital Hill sayenda tsiku limodzi.

Muulutsi: Funso lomaliza, mwachidule. Mayi wa ku Chulu akuti mwana wawo wapeza malo pa koleji ina ya kunja yomwe anaiona pa Facebook.

Mlangizi: Mayi, musanalipire kalikonse, tengani dzina la kolejiyo mukafunse ku NCHE ku Lilongwe ngati pepala lake lidzavomerezedwe kuno. Muonetsetsenso kalata yomuitana: inene poyera amene alipire fizi, malo ogona, chakudya ndi tikiti yobwerera. Akakuuzani kuti mwana akaphunzira uku akugwira ntchito ndipo pasipoti akaisunga ndi iwo, mwanayo asakwere ndege.